Ndidagulitsa cholembera changa pa K500 ku Lusaka

Abale anga a mumsika, inu amene mumagula nyuzi ino m'mawa n'kudzakulungira usipa madzulo, lero sindilemba za nduna kapena phungu yemwe wadya ndalama za mlatho ayi. Wopalamula wa sabata ino ndine ndemwe, mwini cholembera. Nkhaniyi yakhala itandiima pakhosi ngati munga wa chambo kuyambira mu Disembala 2023, tsono ndati ndiilavule pagulu pompano poti akuluakulu adanena kale kuti mlandu suola.

Kwathu ndi kumapiri kuja komwe Dowa adachita malire ndi Ntchisi. Mukatsika basi pa Mponela n'kukhotera kum'mawa, msewu wopita ku Ntchisi boma, mumayamba kukwera zitunda zomwe mwezi wa Juni chifunga chimagona mpaka dzuwa litakwera, madzi a pachitsime n'kumachita kuluma mano. Bambo adatisiya ndili Sitandade 6. Adandilera ndi kundiphunzitsa mpaka Folomu 4 ndi mayi anga, anzanu a geni ngati inu nomwe, omwe amagula nyemba, soya ndi mtedza m'midzi n'kumagulitsa pamsika wa kwathu. Chaka chikakoma amakwezako matumba angapo kupita nawo ku Wakawaka ku Lilongwe.

Mayeso a MSCE ndidakhoza ndithu, koma mapointi adachuluka ngati nthata moti kuyunivesite dzina langa silidatuluke. Chomwe ndidatsala nacho ndi khutu. Ndidakulira pa kawailesi ka mabatire ka malemu bambo, kumvera MBC ndi Zodiak, ndipo ndinkati ndikamva mtolankhani akutchula dzina lake kumapeto kwa nkhani ndinkachita kumeza mate. Choncho ndidayamba kutumiza tinkhani pafoni kwa akonzi a m'tauni: ng'ombe zabedwa kwakutikwakuti, mlatho wakokoloka, sikelo zikubera alimi a soya. Uku ndiye timati kulemba paganyu. Nkhani ikatuluka umalandira kangachepe patatha miyezi iwiri, ikapanda kutuluka ndiye kuti mayunitsi ako alowa m'madzi.

Mu 2023 mwayi udagogoda. Bungwe lina lidalonjeza kundilipirira fizi pa koleji ina ku Lusaka kuti ndikachite maphunziro a miyezi isanu ndi itatu a utolankhani ndi zofalitsa nkhani. Koma lidanenetsa kuti pasipoti, chilolezo chophunzirira m'dziko la eni, thiransipoti, lendi ndi chakudya ndione ndekha pomwe ndingagwire. Mayi sadagone sabata yathunthu. Mapeto ake adagulitsa mbuzi ziwiri, adatapako pa mpamba wa soya, n'kukatenganso ngongole ku banki m'khonde.

M'mudzi mbiri idawanda kuti mwana wa uje akupita kunja. Atamva kuti kunjako ndi ku Zambia, anyamata a pa bawo adaseka mpaka kugwetsa nkhomo. "Aise, Zambia n'kunja ngati? Si pa Mchinji pomwepa apa?" Koma mayi sadaseke nawo. M'mawa wa ulendo adandipatsa kathumba ka mtedza wokazinga ndi nyemba zokwana ndowa yaing'ono, n'kunena kuti: "Pita ukaphunzire, ukabwere udzatilankhulire. Ife pakamwa tili napo koma mawu athu safika patali."

Ulendo wake si wamasewera. Kuchoka pa Mponela kukafika ku Lilongwe, kuchoka apo makilomita oposa 100 kukafika ku Mchinji, n'kudinditsa pasipoti pa chipata chatsopano cha Mwami chomwe a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema adatsegula mu Disembala 2022, pomwe akuluakulu a maiko awiriwa amagwirira ntchito denga limodzi. Ukafika pa Chipata umadzinamiza kuti wayandikira, osadziwa kuti kwatsala makilomita oposa 550 a msewu wa Great East: Katete, Petauke, Nyimba, kutsetsereka mapiri okhotakhota mpaka pa mlatho wa Luangwa pomwe amayi amagulitsa nsomba zouma, kenaka Chongwe. Ndidafika pa siteji ya Intercity mdima utagwa, miyendo itatupa ngati ya mayi woyembekezera.

Chodabwitsa choyamba chidali ndalama. Ya kwathu ndi kwacha, ya kwawonso ndi kwacha, dzina limodzi ngati mapasa, koma mapasa ake wina wonenepa wina wa mutu ukulu. Mpukutu womwe mayi adandimangira pa kansalu, nditausintha udasanduka timapepala towerengeka toti n'kubisa m'bokosi la machesi.

Chachiwiri chidali chilankhulo. Ndinkayesa kuti poti ku Lusaka amalankhula Chinyanja ndiye kuti ndafika kwa amalume. Ayi ndithu. Makala kumeneko ndi malasha, kaunjika ndi salaula, okala ndi kantemba, tsopano ndi manje, ndipo kaufa ka m'pulasitiki komwe ife timati wokumani iwo amati pamela. Tsiku loyamba m'minibasi ndidauza kondakitala mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, ndikufuna nditsike patsogolopo." Basi yonse idatembenuka. Mayi wina n'kuti, "Imwe, mukamba Chinyanja cha mu Baibo!" Ndidachita manyazi, koma pambuyo pake ndidadzitonthoza kuti mayiyo sadaname. Paja ntchito yomasulira Buku Lopatulika la 1922, lomwe nawonso amawerenga m'matchalitchi mwawo, adaitsogolera ndi m'busa William Murray yemwe adakhala zaka zambiri pa mishoni ya Mvera, m'boma lathu lomweli la Dowa.

Ndidapeza kachipinda m'komboni ina, kogawana ndi mnyamata wa ku Congo wa m'kalasi mwathu. A ku Zambia ndikawauza kuti kwathu ndi ku Dowa ankangoti kukamwa yasa, koma iyeyu adalumpha. Adati Dowa akuidziwa, azakhali ake ali ku Dzaleka. Taonani zinthu zake: malo omwe nthawi ya Kamuzu adali ndende ya andale ndi a Mboni za Yehova, n'kusanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, ndiwo adatchukitsa boma lathu mpaka ku Congo. Tinkaphika pa mbaula imodzi, iye chigwada chosinja, ine nyemba za mayi.

M'kalasi tidalimo a ku Zambia, a ku Zimbabwe, wa ku Congo uja ndi ine. Anzanga ambiri adali ndi malaputopu, ine foni yong'aluka galasi ndi kope la sukulu. Chizungu chawo chinkathamanga ngati njinga yopanda mabuleki moti masabata oyamba ndinkangogwedeza mutu ngati gulo. Mphunzitsi wathu wamkulu adali bambo wa imvi yemwe adakalambira m'nyumba zolembera nyuzi, ndipo ameneyu ndiye adanditsegula m'maso.

Adati nkhani iliyonse iyenera kuyankha mafunso asanu ndi limodzi: ndani, wachita chiyani, kuti, liti, motani, ndipo chifukwa chiyani. Adajambula pa bolodi chinthu chotambalala kumwamba, chosongoka pansi, n'kunena kuti mfundo zikuluzikulu zikhale pamwamba, zing'onozing'ono pansi, kuti mkonzi malo akamuchepera adule kumchira. Anzanga ankavutika kumvetsa koma ine ndidaseka chamumtima poti imeneyi ndi ndowa ya tomato ya mumsika: akuluakulu pamwamba, tianapiye pansi. Musakwiye abale, tonse tikudziwana.

Tidaphunzira kujambula mawu ndi foni ndi kuwadula pa kompyuta, kufunsa munthu popanda kumuikira mawu m'kamwa, ndiponso lamulo lalikulu lakuti usalembe mlandu wa munthu usadamve mbali yake. Tidaphunzira kuti tsiku la 3 Meyi lokumbukira ufulu wa atolankhani lidachokera ku msonkhano wa atolankhani a mu Africa ku Windhoek m'dziko la Namibia mu 1991. Tidamva za nyuzi ya The Post yomwe idayamba chaka chomwecho cha 1991 n'kusautsa maboma otsatizanatsatizana a Zambia mpaka a zamisonkho adaitseka mu Juni 2016. Nane ndidaima kutsogolo n'kufotokoza za kwathu: kalata ya mabishopu ya pa 8 Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndi m'mene nyuzi zidaphukira ngati bowa nthawi ya matipate. Tsiku limenelo adandiombera m'manja, ine n'kumadzimva kuti tsopano ndine munthu.

Phunziro lina lidali la envulopu. Mphunzitsi adafunsa aliyense kuti kwanu mumaitcha chiyani ndalama yomwe munthu amapatsa mtolankhani kuti amulembe bwino kapena asamulembe n'komwe. A ku Zambia adati blalizo, ena adati ndalama ya matako. Ine ndidati kwathu ndi chipondamthengo, dzina lobwereka kwa asing'anga, ndalama ija umapereka kuti ng'anga ilowe m'tchire kukakumba mankhwala. Kalasi yonse idafa nacho chiseko. Tidalumbira tonse kuti ife zimenezo ayi. N'kosavuta kulumbira m'mimba muli nsima.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 9 Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve idagwetsa kwacha yathu ndi 44 peresenti. Dola yomwe inkagulidwa pa K1,180 idafika pa K1,700 usiku umodzi. Inu a mumsika simufunika kukumbutsidwa, mudaziona nokha m'mene mitengo ya kooda idadumphira. Koma mwana wa sukulu yemwe ali kunja chikwanje chimenechi chimamutema kawiri. Kumudzi mpamba wa mayi udafota poti thiransipoti ndi matumba zidakwera, ndiye zotumiza zidachepa. Zochepa zomwezo zikaoloka malire zinkafotanso kachiwiri. Ndalama yomwe inkanditengera masabata anayi idayamba kuthera pa sabata yachitatu isadathe n'komwe.

Nyemba za mayi zidatha. Ndidasiya minibasi n'kumayenda wapansi ola lathunthu kupita kusukulu. Chakudya chidatsika kufika kamodzi patsiku, pamela ndi tikapenta towerenga ndi zala. Landilodi adayamba kugogoda m'mamawa kusadache. Mayi akaimba foni ndinkati zonse zili bwino, poti ndinkadziwa kuti Lachisanu lililonse akukabweza ku banki m'khonde ndipo sindinkafuna kuwasenzetsa mtolo wina.

Koyambirira kwa Disembala adatituma ntchito ya kumapeto a teremu: aliyense apeze nkhani yeniyeni m'tauni, ndipo zabwino zitatu azitumiza ku wailesi ina kuti ziulutsidwe. Anzanga adathamangira ku nyumba ya malamulo ndi m'mahotela. Ine mwana wa geni ndidalowera kumsika wina wa m'komboni, dzina lake ndisunge.

Kumeneko ndidakumana ndi mayi wina wogulitsa tomato wochokera ku Katete, dera la Kalonga Gawa Undi komwe Achewa a maiko atatu amakasonkhana pa mwambo wa Kulamba. Nditangopereka moni adaika mbale pansi. "Iwe ndiwe wa ku Malawi! Chichewa ichi ndidachisiya kumudzi kwa agogo." Kuyambira pomwepo ndidasanduka mwana wawo. Ankandisungira mkute, tsiku lina adandimangira tomato ndi anyezi osalipira. Ndiwonso adandionetsa nkhani.

Chimbudzi cha pamsikapo chidali chitatsekeka miyezi inayi. Ngalande ya kuseri idadzaza zinyalala, madzi akuda n'kumayenda pansi pa mabenchi a ndiwo zamasamba, mvula ikagwa osasiyanitsa matope ndi zinazo. Madzi otsukira ankatunga pa kachitsime kosazama kufupi ndi zimbudzi zokumba za m'makomo. Chonsecho tsiku lililonse, kuonjezera pa chiphaso cha masiku onse, munthu aliyense ankapereka K2 ya ku Zambia kwa anyamata a mkulu wina wa pamsikapo, ati ya ukhondo. Lisiti panalibe.

Ndidawerenga mabenchi ndekha, adakwana 180. Tiyeni tiwerengere limodzi poti masamu a ndalama inu ndiye eni ake: K2 kuchulukitsa ndi 180 ndi K360 patsiku, pamwezi K10,800. Nanga inkapita kuti? Amayi asanu ndi awiri adalankhula m'foni mwanga mosaopa, ena mpaka kutchula maina awo. Ndidajambula zithunzi za ngalande ija. Mafunso asanu ndidali nawo m'manja, kudatsala mbali ya mkulu uja monga mwa lamulo la mphunzitsi.

Adandilandira bwino zedi, kuposa m'mene ndinkaganizira. Adandikhazika pa mpando wa ofesi, adaitanitsa Fanta wozizira, adamvetsera mafunso anga onse akumwetulira. Sadayankhe ngakhale limodzi. M'malo mwake adayang'ana nsapato zanga zomwe zidali zitayasamula kutsogolo, n'kufunsa kuti, "Mwana wa sukulu, ku Malawi ndalama yagwa, si tero? Ukudya chiyani?" Kenaka adatsitsa mawu n'kundikumbutsa kuti ndine mlendo, pepala langa ndi lophunzirira osati logwirira ntchito, ndipo mlendo wanzeru saloza chala mwini mudzi. Potsazikana adandigwira chanza, m'chanzamo mudali mapepala asanu a K100.

Ndikadakonda kukuuzani kuti ndidamuponyera kumaso. Ndikadakondanso kunamizira mantha, poti mantha adalipodi. Koma kunena mosapsatira, chomwe chidatseka chala changa pa ndalama ija ndi njala. Ndidatuluka osacheuka, ndipo ndidadzera chipata cha kuseri kuti ndisadutse pa benchi ya mayi a ku Katete.

K300 ndidapatsa landilodi. Yotsalayo ndidagula ufa, malasha, kapenta, ndipo ndivomere, ndidagulanso theka la nkhuku yootcha n'kudya ndekha mnzanga wa ku Congo asadabwere. Kusukulu ndidanama kuti foni yafufuta mawu onse. M'malo mwake ndidapereka kankhani ka mitengo ya salaula pa nyengo ya Khirisimasi. Adandipatsa mamalikisi apakatikati, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndimo m'mene ndinkaganizira.

Tsiku la Khirisimasi mayi adaimba. Titatha za moni adati: "Kuno kudabwera mnzako wina wa zolembalemba. Tidamudandaulira za chimbudzi cha pamsika ndi ndalama zomwe timadula tsiku ndi tsiku, adatilemba maina, adatijambula. Tadikira pa wailesi masabata atatu, kuli zii. Ena akuti adamuona akudya kanyenya ndi akuluakulu. Koma ine ndawauza azimayi anzanga kuti musadandaule, wanga akubwera, ameneyo ndiye adzatilembera." Ndidati netiweki ikuvuta, n'kudula foni. Usiku umenewo tulo sitidabwere.

Kolera idali itayamba kale mu Lusaka mu Okutobala, koma mvula itakhazikika mu Januwale 2024 idachita kusefukira. Bwalo la mpira la National Heroes adalisandutsa chipatala. Sukulu za pulayimale ndi sekondale zomwe zimayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zidakhala chitsekere mpaka pa 12 Febuluwale, ifenso tidaima kaye. M'dziko lonse la Zambia anthu oposa 20,000 adadwala ndipo oposa 700 adamwalira. Ife a Malawi matendawa tikuwadziwa bwino, paja mu 2022 ndi 2023 adatitengera abale oposa 1,700. Njira yake ndi imodzimodzi kulikonse: chimbudzi chikakumana ndi madzi akumwa, manja osasamba akagwira chakudya, basi kwatha.

Mu Febuluwale miyendo idanditengera yokha kumsika kuja. Ponseponse pankanunkha klorini. Chimbudzi chomwe chidakanika miyezi inayi akuti adachikonza masiku awiri okha matenda atavuta. Benchi ya mayi wa zitumbuwa, mmodzi mwa asanu ndi awiri aja, idali yopanda munthu. Adandiuza kuti adapita ku Heroes ndipo sadabwereko.

Mayi a ku Katete adalipo, koma ataonda ngati bango. Nawonso adagona ku bwalo kuja masiku asanu ndi limodzi, tomato yense adaolera pabenchi, mpamba udathera pomwepo, tsopano ankagulitsa timilu titatu ta ngongole. Atandiona adamwetulira.

"Mwana wanga wa ku Malawi, uli moyo? Nanga nkhani yathu ija idatuluka liti? Ine wailesi ndimamvera koma sindidaimve."

"Sidatuluke, amayi."

Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adayang'ana pansi. Sadafunse chifukwa.

"Adakupatsa zingati?"

"K500."

Adawerenga ndi milomo, monga muchitira inu poonkhetsa za tsiku. "Ndiye kuti aliyense wa ife udamugulitsa pa mtengo wosakwana K3. Mwana wanga, ngakhale mulu wanga wa tomato umaposa pamenepo."

Sadatukwane, sadaitane anthu. Adangotembenuka n'kuyamba kupukuta tomato ndi kansanza. Chikhala adandimenya khofi bwenzi zili bwino.

Pano ndisadzikuze. Sindinganene kuti nkhani ya mwana wa sukulu ikadaletsa kolera mu mzinda wa anthu mamiliyoni, momwe makomboni ambiri adamangidwa opanda mipope ndi ngalande zolongosoka. Mwina ikadaulutsidwa anthu n'kungoti mvee, osachitapo kanthu. Koma mwinanso wina akadachita manyazi n'kutsegula chimbudzi chija mu Disembala m'malo mwa Januwale. Yankho lake sindidzalidziwa mpaka kalekale, ndipo chidandilanda mwayi wolidziwa ndi K500.

M'mawa mwake ndidakagogoda kwa mphunzitsi wa imvi uja n'kuulula zonse, ndili wokonzeka kulongedza chikwama. Adakhala chete, kenaka adandifunsa ngati ndidamvapo dzina la Mkwapatira Mhango. Ndidati ayi. Adapukusa mutu. Adati ameneyu adali mtolankhani wa kwanu yemwe adathawira mu Lusaka muno nthawi ya chipani chimodzi n'kumalemba zomwe kwanu kudalibe wozilemba. Mu Okutobala 1989 anthu adaponya bomba la moto pa nyumba yake usiku, iye ndi ambiri a pabanja pake, ana omwe, adathera momwemo, ndipo mpaka lero ambiri amaloza chala boma la nthawi imeneyo. "Mzinda womwewuno," adatero, "wina cholembera adachilipira ndi moyo, iwe wachigulitsa pa mtengo wa nsapato za salaula."

Sadandichotse sukulu. Adandilamula kuti ndibwerere kumsika konkuja, ndikapepese kwa amayi aja mmodzimmodzi, ndiyambirenso nkhaniyo. Anayi adavomera kulankhulanso, awiri adandithamangitsa, ndipo sindiwadandaula. Mkulu uja adakana kundiona, ndidalemba momwemo kuti wakana. Nkhani idaulutsidwa mu Malichi, mankhwala ofika maliro ataikidwa kale. K500 ija sindidathe kubweza poti ndidali nditadya. Mu Epulo 2024 ndidalandira setifiketi yanga n'kukwera basi, njira yonse ya Great East chimanga chili chouma chiimire ndi chilala cha chaka chimenecho.

Kumudzi adandilandira ndi nthungululu. Anyamata a pa bawo aja adayamba kunditchula kuti bwana mtolankhani. Ndidapirira masiku awiri, tsiku lachitatu ndidawapeza mayi akupeta nyemba kuseri kwa nyumba n'kuwauza zonse, kuyambira Fanta mpaka mulu wa tomato. Lichero lidaima.

"Mbuzi zanga ziwiri sindidagulitsire zimenezo," adatero. Patapita kanthawi adaonjeza: "Njala ukadandiuza ine. Ndidakulera ndi nyemba zomwezi, sindikadalephera kukutumizira ndowa ina." Adalowa m'nyumba, adatuluka ndi kabuku ka banki m'khonde, adandiika m'manja. "Ngongole iyi ubweza ndiwe. Ndipo Loweruka ukubwera kumsika ndi kope lakolo, azimayi akukudikira."

Ndidapita, ndipo nkhani ya msika wa kwathu idatuluka. Panalibe yemwe adandigulira Fanta.

Tsono inu achinyamata amene mumandiimitsa panjira kufunsa za sukulu ya kunja, mvetsani. Sukulu za utolankhani zilipo, ku Lusaka kuli Evelyn Hone College, ZAMCOM ndi yunivesite ya UNZA, konkuno kuli MIJ ndi MUBAS ku Blantyre. Kuyenda n'kuona, pitani mwayi ukapezeka. Koma akakuuzani kuti fizi talipira musavine msanga, fizi sadya. Werengerani lendi, ufa ndi thiransipoti mu ndalama ya komwe mukupitako, muonjezepo ina yodzatchinjiriza tsiku lomwe kwacha idzagwenso. Ndipo zikakuvutani nenani kwanu. Ine chidandigwetsa si njala yokha komanso manyazi oopa kunena kuti ndili ndi njala.

Kwa inu eni msika, ndabwera ndi katundu mmodzi yekha waphindu, ndipo ndikugawirani ulere. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu kwa atolankhani, koma gawo 37 ndi lanu: ufulu wopeza zomwe maofesi a boma akusunga. Lamulo lake lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo si la atolankhani okha ayi. Komiti yanu ya mumsika ikhoza kulemba kalata ku khonsolo kufunsa kuti ndalama za ziphaso zatoleredwa zingati chaka chino ndipo zagwira ntchito yanji. Akuyenera kukuyankhani pasadathe masiku 15 ogwira ntchito, akakana mukadandaule ku bungwe la Malawi Human Rights Commission. Sungani kope la kalatayo, adinde tsiku lomwe alandira. Ndalama iliyonse yopanda lisiti muziifunsa dzina.

Mtolankhani akabwera pa benchi yanu, mufunseni dzina lake, nyumba yomwe akulembera, ndi tsiku lomwe nkhani ituluke. Lembani pa katoni. Musamupatse tomato, musamupatse ya thiransipoti, poti wozolowera kulandira kwa inu sadzakana kwa yemwe ali ndi zambiri kuposa inu. Akakudyerani masuku pamutu, bungwe la Media Council of Malawi limalandira madandaulo okhudza khalidwe la atolankhani. Nanunso akonzi ndi eni nyuzi, tilipireni pa nthawi yake ife a ganyu, chifukwa mtolankhani wa njala ndi mbuzi yomangirira pafupi ndi dimba la mwini.

Ngongole ya banki m'khonde ndidamaliza kubweza. Ya mayi a ku Katete ilibe kabuku, sindidziwa kuti ndidzaimaliza liti. Mukadzandiona mumsika mwanu ndi foni yong'aluka galasi ndi kope m'manja, n'kupita masabata awiri nkhani yanu osatuluka, musachite nane manyazi. Ndiimitseni pakati pa anthu, mundifunse funso lomwe lija: adakupatsa zingati?